Majini Amene Thupi Limadula Lokha

Aliyense amene anaperekezako m'bale wake kokalandira ma ARV anamvapo za CD4. Nambala imeneyi imawerenga mtundu umodzi wa asilikali a m'thupi, maselo a T. Imanena kuchuluka kwawo basi. Za chimene msilikali aliyense amatha kuzindikira, ayi. Pakhungu la selo la T lililonse pamakhala kachipangizo ka puloteni kogwirira mdani, kamene asayansi amati TCR, ndipo TCR ya selo lina simafanana ndi ya linzake. Munthu mmodzi amakhala ndi mitundu ya TCR yosachepera mamiliyoni 100, pamene majini ake onse opanga mapuloteni ndi pafupifupi 20,000 okha. Mitundu yonseyi imachokera kuti? Funsoli linadyetsa asayansi mutu zaka zoposa 20, ndipo yankho litapezeka linagwetsa chiphunzitso chimene ambiri ankachiyesa chosagwedezeka, chakuti DNA imene munthu walandira kwa makolo ake imakhala chimodzimodzi m'selo lililonse mpaka kufa.

Nkhani inayambira pa kachiwalo kamene madokotala ankakanyoza. Thymus imakhala kuseri kwa fupa la pachifuwa, pamwamba pa mtima. Mwa khanda imakhala yaikulu, koma munthu akatha msinkhu imayamba kufota n'kusanduka mafuta. Aichotse mwa nyama yaikulu, palibe chimene chinkaoneka kuti chasintha. Choncho ambiri ankati ndi manda a maselo otha ntchito. Jacques Miller, mnyamata wobadwira ku France n'kukulira ku Shanghai ndi ku Sydney, sanapite ku London kukatsutsa zimenezi. Ankafufuza khansa ya m'magazi ya mbewa ku Chester Beatty Research Institute, ndipo kafukufukuyo anafuna kuti achotse thymus mwa tiana ta mbewa tongobadwa kumene. Timbewato tinkayamba bwinobwino, kenako n'kuwonda, n'kumafa ndi matenda amene anzawo ankawapirira. Atasoka pa ito khungu la mbewa za mtundu wina, khungulo linagwira, pamene thupi lathanzi limalikana m'masiku owerengeka. Miller analemba zimenezi m'magazini ya The Lancet mu 1961. Akuluakulu a sayansi sanafulumire kumukhulupirira, ndipo mpaka lero mphotho ya Nobel sanalandire, chinthu chimene ine ndimachiona ngati kulakwa kwenikweni.

Mbali ina inatulukira mu nkhuku. Ku Ohio State University, Bruce Glick ankachotsa kathumba kotchedwa bursa, kamene kamakhala pafupi ndi potulukira zitosi, kuti aone ntchito yake. Mnzake Timothy Chang anabwereka nkhuku zina zoti akaonetsere ophunzira mmene thupi limapangira ma antibody, mapuloteni a m'magazi ogwira mdani, ndipo phunzirolo linakanika chifukwa nkhukuzo sizinapange kanthu. Zinali zija zopanda bursa. Zotsatirazi zinatuluka mu 1956 m'magazini ya zaulimi wa nkhuku, Poultry Science, imene madokotala sankaiwerenga. Mu 1965 Max Cooper ndi Robert Good ku Minnesota analumikiza nkhani ziwirizi: asilikali alipo a magulu awiri, maselo a B opanga ma antibody ndi maselo a T okulira mu thymus.

Pa nthawiyi n'kuti Frank Macfarlane Burnet wa ku Melbourne atanena kale, mu 1957, kuti selo lililonse la chitetezo limabadwa likudziwa mdani mmodzi yekha, ndipo mdaniyo akalowa, selo lomudziwalo ndi limene limaswana. Ganizo labwino, koma linkafuna majini osawerengeka. Mu 1965 William Dreyer ndi Claude Bennett anati mwina antibody imodzi imachokera ku zidutswa ziwiri za DNA zimene zimakhala motalikirana n'kulumikizidwa selo likamakula. Ambiri anaseka. Patapita zaka 11, Susumu Tonegawa ndi Nobumichi Hozumi ku Basel anayerekezera DNA ya mluza wa mbewa ndi ya selo lopanga antibody, n'kupeza kuti zidutswazo zinasunthadi. Tonegawa analandira Nobel mu 1987.

Za maselo a B zinatheka msanga chifukwa antibody imatayidwa m'magazi yambirimbiri, munthu n'kuitunga. Selo la T silitaya TCR yake, imakhala yomatirira pakhungu. Komanso kaonedwe kake n'kachilendo. Mu 1974 ku Canberra, Rolf Zinkernagel, dokotala wa ku Switzerland, ndi Peter Doherty, dokotala wa ziweto wa ku Australia, anaona kuti maselo a T a mbewa yodwala vairasi amapha maselo ogwidwa ndi vairasiyo pokhapokha ngati maselowo ali ndi chizindikiro cha mtundu wa mbewayo. Vairasi yomweyo ikakhala m'selo la mbewa ya mtundu wina, amangoidutsa. Chizindikirochi ndi mapuloteni a MHC, amene mwa anthu amatchedwa HLA, aja amene madokotala amayeza asanapatse munthu impso ya wina. Kutanthauza kuti selo la T limaona zinthu ziwiri nthawi imodzi, mdani ndi mwini thupi. Kodi lili ndi zogwirira ziwiri, kapena chimodzi choona zonse? Mkangano unakula.

Zaka za m'ma 1970 sizinawayendere bwino ofufuza a TCR, ndipo mbiri yoona siyenera kuzibisa. Malabotale otchuka analengeza kuti apeza antibody pakhungu la selo la T. Ena anafotokoza tinthu tosungunuka m'magazi timene ankati timachokera ku jini yotchedwa I-J, ndipo nkhani zambirimbiri zinasindikizidwa. Kuchiyambi kwa m'ma 1980, labotale ya Leroy Hood ku California itawerenga DNA ya pamalo amene I-J inkanenedwa kuti ili, panalibe jini yoteroyo. Anthuwa sanali mbuli kapena akathyali. Zida zawo zinali zosakwanira, ndipo ankafunitsitsa kuona chinthu chofanana ndi chimene ankachidziwa kale.

Zida ziwiri ndi zimene zinatsegula njira. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge anapeza njira yopangira antibody ya mtundu umodzi wokha, yogwira chinthu chimodzi. Mu 1976 labotale ya Robert Gallo inapeza chakudya chokulitsira maselo a T m'botolo, chimene pambuyo pake chinatchedwa IL-2. Tsopano kunali kotheka kuweta ana a selo limodzi, onse a TCR yofanana, n'kufunafuna chimene ali nacho iwo okha. James Allison ku Texas anayamba kuigwira puloteniyo mu 1982, ndipo mu 1983 gulu la Ellis Reinherz ku Boston ndi la John Kappler ndi Philippa Marrack ku Denver anaionanso. Inali ya nthambi ziwiri zomangana, alpha ndi beta. Koma majini ake anali asanaoneke.

Mark Davis ndi Stephen Hedrick, ku National Institutes of Health ku America, anatsata njira imene ndimaikonda chifukwa cha kuphweka kwake. Selo la B ndi la T ndi apachibale, ndipo majini amene amagwiritsa ntchito amasiyana pang'ono kwambiri, pafupifupi 2 pa 100 alionse. Ndiye anatenga mauthenga onse a majini a selo la T, n'kuwasakaniza ndi a selo la B. Ofanana anagwirana awiriawiri n'kuchotsedwa. Otsala opanda mnzawo anali a selo la T lokha. Pa otsalawo anasankha amene amapanga puloteni ya pakhungu, kenako n'kufunsa funso lomaliza: ndi uti amene DNA yake yasuntha mu selo la T koma ili m'malo mwake mu selo la chiwindi? Unapezeka umodzi. Nthawi yomweyo ku Ontario Cancer Institute ku Toronto, Tak Mak, amene anakulira ku Hong Kong ndipo ntchito yake yeniyeni inali ya mavairasi, pamodzi ndi Yusuke Yanagi wa ku Japan, anapeza jini yomweyo mwa munthu. Nkhani zawo zinatuluka limodzi m'magazini ya Nature pa 8 Malichi 1984. Onse anali atapeza beta.

Chaka chisanathe, labotale ya Tonegawa, imene tsopano inali ku MIT, inalengeza kuti yapeza alpha. Sinali alpha. Alpha yeniyeni anaipeza Yueh-hsiu Chien mu labotale ya Davis ku Stanford, ndi a Tonegawa omwewo atafufuzanso. Jini yolakwika ija inakhala yopanda mwini kwa kanthawi, ikutchedwa gamma, mpaka mu 1986 pamene Michael Brenner anapeza gulu lina laling'ono la maselo a T ogwiritsa ntchito jiniyo, amene palibe ankawadziwa. Mnzake wa gamma, delta, anapezeka mu 1987 atabisala m'kati mwenimweni mwa malo a alpha. Mu 1986 momwemo, ofufuza a ku Basel anasamutsira majini a alpha ndi beta mu selo lina, ndipo selolo linayamba kuona mdani ndi MHC zonse za mwini majiniwo. Mkangano wa zogwirira ziwiri unathera pamenepo. Chaka chotsatira Pamela Bjorkman, Jack Strominger ndi Don Wiley ku Harvard anajambula maonekedwe a HLA-A2, ndipo pamwamba pake panali kangalande kokhala ndi kachidutswa ka puloteni m'kati. Pafupifupi selo lililonse limaphwanya mapuloteni a m'kati mwake n'kuyala tizidutswa tawo m'kangalandemo. TCR imagwira kachidutswa ndi milomo ya ngalandeyo pamodzi.

Tsopano tiyang'ane pafupi chimene chimachitika m'selo laling'ono longofika kumene mu thymus kuchokera m'mafuta a m'mafupa. Pa chromosome 7 pali malo a beta, otalika zilembo za DNA pafupifupi 685,000, monga anawerengera Lee Rowen, Ben Koop ndi Hood mu 1996. Pamenepo palibe jini yathunthu. Pali zidutswa: za V zoposa 40 zogwira ntchito, za D ziwiri, za J 13. Selo limachita ngati telala amene wapatsidwa nsalu yaitali ya maluwa osiyanasiyana, n'kudula pakati, kutaya chapakaticho, n'kusoka mbali ziwiri zimene zinali kutali. Limayamba kulumikiza D ndi J, kenako V. Mpeni wake ndi mapuloteni awiri, RAG1 ndi RAG2, amene David Schatz ndi Marjorie Oettinger anawapeza mu labotale ya David Baltimore mu 1989 ndi 1990. RAG sadula paliponse. M'mbali mwa chidutswa chilichonse muli chizindikiro cha zilembo 7, kenako mpata, kenako zilembo 9. Mpatawo umakhala wa zilembo 12 kapena 23, ndipo wa 12 umalumikizidwa ndi wa 23 basi. N'chimene chimaletsa V kulumikizana ndi V inzake.

Kusakaniza zidutswa kokha kukanapereka mitundu yochepa. Kuchuluka kwenikweni kumachokera polumikizirapo, chifukwa selo limalumikiza mosasamala dala. Pamene padulidwa, puloteni yotchedwa Artemis imatsegula nsongazo, zilembo zina zimabenthulidwa, ndipo puloteni ina, TdT, imaikapo zilembo zatsopano mwachisawawa, zimene sizinalembedwe paliponse mu DNA ya bambo kapena ya mayi. Pamalo amenewa ndi pamene pamadzakhala nsonga ya TCR yokhudza kachidutswa ka mdani. Alpha, pa chromosome 14, imachita zomwezo ndi V ndi J, popanda D. Mu 1988 Davis ndi Bjorkman anawerengera kuti njira imeneyi ingathe kupanga mitundu yokwana 1 wotsatiridwa ndi maziro 15, yoposeratu maselo onse a m'thupi la munthu. N'chifukwa chake ngakhale mapasa ofanana, a DNA imodzi, asilikali awo amasiyana.

Mtengo wake ndi waukulu. DNA imawerengedwa zilembo zitatuzitatu, choncho pa kulumikiza katatu kulikonse, kuwiri kumasokoneza mawerengedwe n'kutulutsa zopanda tanthauzo. Selo limayesanso ndi chromosome inzake, ya kholo linalo, ndipo zikakanikanso limafa. Limene latha kupanga TCR silinapulumukebe. Ngati TCR yake singagwire HLA ya mwini thupi ngakhale pang'ono, n'njopanda ntchito, ndipo selolo limafa. Ngati ikugwira mwamphamvu kachidutswa ka thupi lomwelo, n'njoopsa, ndipo selolo limaphedwa, monga anaonetsera Kappler ndi Marrack mu 1987 ndi gulu la Harald von Boehmer mu 1988. Maselo oposa 95 pa 100 alionse satuluka mu thymus amoyo. Madokotala akale aja anaonadi maselo akufa, koma sanadziwe kuti imfayo ndiyo ntchito ya chiwalocho. Ndipo likangotuluka, selo la T silisinthanso TCR yake, pamene selo la B limapitiriza kusintha majini a antibody yake matenda ali m'kati. Msilikali amene wayesedwa kale kuti saukira mwini thupi salolezedwa kusinthanso.

Mpeniwo unachokera kuti? Mu 1998 labotale ya Schatz ndi ya Martin Gellert zinaonetsa kuti RAG angathe kutenga chidutswa chimene wadula n'kukachilowetsa pena, khalidwe la majini ongodumphadumpha amene amadzisamutsa okha mu DNA. Mu 2016 ofufuza a ku China anapeza jini yodumpha yofanana ndi RAG mwa kanyama ka m'nyanja kotchedwa amphioxus. Zikuoneka kuti zaka pafupifupi mamiliyoni 500 zapitazo jini yotere inalowa mu DNA ya kholo la nyama zonse za msana zokhala ndi nsagwada, ndipo thupi linaiweta. Shaki, chambo, nkhuku ndi munthu, onse amadula majini awo ndi mpeni umodzimodziwo. Nthawi zina kuweta sikukwanira: RAG akadula n'kulumikiza malo a TCR ndi jini yokulitsa selo, pamabadwa khansa ya m'magazi ya maselo a T, imene imagwira kwambiri ana ndi achinyamata.

Kudula kukalephereka, khanda limabadwa lopanda maselo a T. Matendawa amatchedwa SCID. Mwa ena vuto limakhala pa RAG. Pakati pa a Navajo ndi a Apache ku America, amene matendawa amawapeza kawirikawiri kuposa anthu ena, vuto lili pa Artemis. Wodwala SCID wodziwika kwambiri ndi David Vetter wa ku Texas, amene anakhala pafupifupi moyo wake wonse m'chihema cha pulasitiki chopanda majeremusi. Vuto lake linali pa jini ina, ya pa chromosome X. Anamwalira pa 22 Febuluwale 1984 ali ndi zaka 12, patatsala milungu iwiri kuti nkhani za Davis ndi Mak zituluke.

Chimene chikupulumutsa ana otere lero ndi zotsala zija zimene selo limataya. Chidutswa chodulidwa chimalumikiza nsonga zake n'kukhala kamkombero ka DNA, kotchedwa TREC. Kamkomberoka sikaswana selo likamagawikana, choncho kuchuluka kwake m'magazi kumasonyeza maselo atsopano amene thymus yangotulutsa. Mu 1998 Daniel Douek ndi Richard Koup anaonetsa kuti TREC imachepa ndi ukalamba komanso ndi HIV, ndipo mwa akuluakulu ambiri imakweranso akayamba ma ARV. Anthu ankaganiza kuti thymus ya munthu wamkulu inagona kale, koma inapezeka ikugwirabe ntchito, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene CD4 imabwerera. Mu 2008 dera la Wisconsin linayamba kuyeza TREC mwa khanda lililonse, ndi kadontho ka magazi a pachidendene koumitsidwa papepala, ndipo pofika kumapeto kwa 2018 madera onse a America anali atayamba. Khanda likapezeka msanga n'kupatsidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina lisanadwale, kawirikawiri limachira. Kwathu kuno kuyeza kotere sikuchitika mwa khanda lililonse, ndipo mwana wa SCID amangooneka ngati wa chibayo ndi kutsegula m'mimba kosatha.

Poti majini a TCR angasamutsidwe, madokotala anayamba kuwagwiritsa ntchito ngati mankhwala. Mu 2006 gulu la Steven Rosenberg ku America linaika TCR yozindikira khansa ya pakhungu m'maselo a odwala, ndipo mwa odwala awiri zotupa zinafota. Ena anayesa kuwonjezera mphamvu ya TCR mu labotale. Mu 2013 kunalengezedwa za odwala awiri amene anamwalira patangopita masiku ochepa atalandira TCR yotere, yolimbana ndi puloteni ya khansa yotchedwa MAGE-A3. TCR ija inagwiranso kachidutswa ka titin, puloteni ya mnofu wa mtima. Inali isanadutse mu thymus ya munthu aliyense, choncho panalibe chimene chinaiyesa ngati ingaukire mwini thupi.

Pano ndi pamene zimene anapeza Zinkernagel ndi Doherty zimatikhudza ife. TCR imaona mdani kudzera mu HLA, ndipo HLA ndiyo majini osiyana kwambiri pakati pa anthu, makamaka mu Africa, kumene mtundu wa anthu unayambira. Mu 1991 Adrian Hill anapeza ku Gambia kuti ana a HLA-B53 sadwala kwambiri malungo aakulu. Mu 2004 ku Durban, Photini Kiepiela, Philip Goulder ndi anzawo anafufuza anthu a HIV amene anali asanayambe mankhwala, n'kuona kuti a HLA-B*57 ndi B*58:01 anali ndi kachilombo kochepa m'magazi, pamene a B*58:02 anali nako kochuluka. B*58:01 ndi B*58:02 zimasiyana pa malo atatu okha a puloteniyo. Kusiyana kochepa choncho kumasintha kachidutswa ka HIV kamene kayalidwe m'ngalande muja, ndiye kumasinthanso chimene asilikali angaone.

Mankhwala a TCR amapangidwira HLA imodzi kapena zingapo zofanana kwambiri, ndipo makampani anasankha imene ili ndi msika. Tebentafusp, wa khansa ya m'diso, anavomerezedwa ku America mu Januwale 2022, ndipo amagwira ntchito mwa anthu a HLA-A*02:01 okha. Mtundu umenewu ali nawo pafupifupi theka la anthu amene makolo awo anachokera ku Ulaya, koma mwa anthu a ku Africa ndi wochepa. Mu Ogasiti 2024 kunavomerezedwa Tecelra, mankhwala oyamba a maselo a T osinthidwa TCR olimbana ndi chotupa cholimba, khansa yotchedwa synovial sarcoma, pa mtengo wa madola 727,000. Tingadandaule za mtengowo, koma mtengo umatsika, monga unatsikira wa ma ARV. Chimene sichitsika ndi HLA imene munthu anabadwa nayo. Malangizo a Tecelra amaletseratu kupereka mankhwalawa kwa munthu wa HLA-A*02:05, chifukwa TCR yake ingaukire maselo abwinobwino a munthuyo, ndipo A*02:05 imapezeka kwambiri mwa anthu a ku Africa kuposa a ku Ulaya. Wodwala wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, ngakhale atapeza ndalama zonsezo, angabwezedwe pa kuyeza magazi koyamba, ndipo zidzakhala choncho mpaka padzapezeke ofufuza owerenga ma TCR amene amagwira ntchito ndi HLA za kuno, m'magazi a anthu a kuno.